Kabokosi Komwe Kanatsala M'njira

Ine ndine wowotcherera zitsulo. Mageti, mabedi, zotchingira mawindo, ndizo manja anga amadziwa. Wophunzira m'nyumba mwathu anali akazi anga. Anali injiniya, ndipo kwa zaka makumi awiri kudza chimodzi anagwira ntchito pa kampani ina yopanga makina a nthunzi, aja ophera majeremusi pa zida za m'zipatala ndi m'malabotale. Ukawaona makinawo ungayese thanki yogoneka chammbali, yokhala ndi chitseko chochindikala kuposa chikhatho changa. Amalowetsamo malumo, nsalu, mabotolo a mankhwala amadzi, n'kutseka, nthunzi n'kuyamba ntchito yake.

Tinakumana pa fakitale ina kumene iwo anabwera ngati wophunzira woyeserera ntchito. Anapatsidwa tochi ndi choko kuti aziyendera zimene ife tawotcherera. Tsiku loyamba lomwelo anazunguliza choko malo atatu pa paipi yanga. Ndinapsa mtima: kamtsikana ka dzulodzuloli kandiphunzitse ine ntchito? Ndinadula paipiyo kuti ndiwachititse manyazi, n'kupeza timabowo titatu m'kati, ndendende pamene panali choko. Patatha zaka ziwiri tinakwatirana. Abale anga ankati ndakwatira bwana, abale awo ankati mwana wawo wataya sukulu yake pa munthu wonunkha utsi. Tinangowasiya alankhule mpaka atatopa.

Anzanga akandifunsa kuti mayi a kunyumba amachita chiyani kwenikweni pa kampani ya makina ija, ndinkangokanda mutu. Makinawo sankawajambula, sankawapanga, sankawagulitsa. Tsiku lina Lamlungu, tikumwa tiyi pakhonde, ndinawapempha kuti andifotokozere ngati akufotokozera mwana. Anandanditsa makapu atatu patebulo.

"Bambo, kapu iyi ndi gulu lolemba malamulo a makina: atenthe kufika pati, chitseko chitseguke liti, belu lilire pakavuta chiyani. Iyi ndi gulu lojambula zitsulo. Iyi ndi gulu lolemba pulogalamu yoyendetsa makinawo. Gulu lililonse limagwira ntchito pa pulogalamu yakeyake ya pakompyuta, yogula kwa ogulitsa osiyana, ndipo mapulogalamu atatuwo samvana ngakhale pang'ono. Fayilo ya awa, awa sangaitsegule. Ndiye ine ndimanyamula zimene oyambawa alemba, n'kuziwolotsera kwa enawa, osataya kanthu m'njira."

"Ndiye zaka zonse zija za kusukulu munkaphunzira umtengatenga?" ndinatero.

Anandigenda ndi supuni.

Kuwolotsako kunali kotere. Fayilo inkadutsa m'kapulogalamu kosinthira, n'kutulukira mbali inayo ili m'kalembedwe kena. Koma kapulogalamu kotero kali ngati thumba lobooka pansi: china chake chimagwa ndithu, ndipo sikakuuza. Pena kadontho ka pakati pa manambala kankasuntha. Pena muyezo wa mamilimita unkatuluka uli wa mainchi. Pena muvi wolumikiza lamulo ndi chitsulo chake unkangosowa. Choncho akazi anga ankapulinta mafayilo onse awiri, n'kuwayala pa tebulo lalitali m'chipinda chopanda mawindo kuseri kwa mosungira zida. Ankatsika mzere ndi mzere, rula kudzanja ili, cholembera chofiira kudzanja linalo. Mtundu umodzi wa makina unkawatengera milungu itatu. Munthu akabwera kudzawafulumizitsa, yankho linali limodzi: "Dikirani ndionenso." Mpaka pa kampani ponse anangowatcha a Ndionenso, moti antchito atsopano ankayesa ndi dzina lawo lenileni.

Kunyumba analinso chimodzimodzi. Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene tinapatsidwa, ankabisa makope ake a masamu, chifukwa amayi ake akangowagwira chakudya chinkazizira patebulo. Ine ndikamaliza geti, ankabwera ndi tepi kudzayeza makona, kasitomala ali pomwepo. Tinkakangana, kenako n'kuseka. Sanali munthu wa macheza ambiri. Nsapato ankavala zafulati za mtundu umodzi, zikatha n'kukagula zinzake zomwezo.

Chimene chinkawapweteka mtima n'chakuti ntchito yawoyo sinkayenera kukhalapo n'komwe. "Inu mukagula nati ya seventini," ankatero, "imalowa pa bawuti ya seventini kaya munagula m'sitolo iti, ndipo sipanala yanu imaigwira. Nanga mafayilo athu alekeranji kutero?" Ndiye makampani angapo atapanga komiti yoti igwirizane za kalembedwe kamodzi, muyezo umodzi woti mapulogalamu onse azitsatira potumizirana mafayilo, akazi anga anadzipereka okha. Palibe wina pa kampanipo amene ankazifuna.

Komitiyo inkakumana kanayi pachaka m'chipinda cha hotela ina, mainjiniya mbali ino, ogulitsa mapulogalamu mbali inayo. Ankabwerako mutu ukuwawa, m'chikwama muli timabisiketi ta pamsonkhano tosungira mwana. Anandiuza kuti misonkhano itatu yathunthu inathera pa mkangano woti chitseko chizilembedwa ngati chinthu kapena ngati ntchito ya kutseka. Ogulitsa aja ankamwetulira, kuvomera chilichonse, kenako n'kupempha kuti nkhaniyo idzakambidwenso pa msonkhano wotsatira.

"Safuna," anatero akazi anga. "Mafayilo akayamba kumvana, ife titha kusiya pulogalamu yawo n'kukagula ya wina. Panopa anatimangirira pachikhomo."

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, komiti inatulutsa chikalata chongoyembekezera cha masamba mazana anayi. Pa zinthu zikuluzikulu anagwirizana. Koma m'malo ambiri munalembedwa kuti apa wogulitsa aliyense angachite mmene akuonera.

Chaka chomwecho kunabwera bwana watsopano. Sanali woipa nkhope. Ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ine ndikapita kukawatenga mayi. Koma eni kampani anamutuma kudzafulumizitsa zinthu, ndipo chimene maso ake anagwerapo choyamba chinali chipinda chopanda mawindo chija ndi milu yake ya mapepala. Anagula chosinthira mafayilo chatsopano, chimene ogulitsa ake ankalumbira kuti chimatsatira chikalata cha komiti tsamba ndi tsamba. Chikamaliza ntchito chinkaonetsa mzere wobiriwira pa sikirini: zonse zawoloka, palibe chatsala.

Nthawi imeneyo kampani inali kumaliza mtundu watsopano wa makina, ndipo ogula anali atadikira kale miyezi. Malamulo ake anali mizere yopitirira zikwi zinayi. Akazi anga anapempha milungu yawo itatu. Bwana anawapatsa masiku awiri.

Akazi anga anamutsatira n'kumupeza m'kakhonde ka pakati pa maofesi, pafupi ndi pomwera madzi. Panalinso mnzawo wina wa gulu la mapulogalamu, amene onse ankamutcha a Mandevu.

"Bwana, chikalata chija ndinalemba nawo ine," anatero akazi anga. "Ndikudziwa pamene pali mabowo. Chobiriwiracho chimangowerenga kuchuluka kwa mizere, sichiona zimene zili m'kati mwake."

"Mayi, nthawi ya rula inatha. Tinagula chinthuchi kuti inu mupume. Lachisanu ndikufuna siginecha yanu pa fomu. Ngati dzanja likuwawa, ndipeza wina wosaina."

Masiku awiriwo akazi anga anaona mizere mazana asanu ndi limodzi, ndipo sanapezemo cholakwika. Lachinayi ataweruka anafika kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato. Anandifotokozera zonse. Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa nkhaniyi ndaifotokozapo kwa anthu ena ndikudumpha pamenepa. Ine ndi amene ndinati: "Mayi, sainani. Kompyuta ikuti zili bwino, mizere mwaonayo ili bwino. Mukufuna kufera kampani ya eni? Akakuchotsani, mawa lomwe aika wina amene sadzaona ngakhale mzere umodzi."

Lachisanu anasaina.

Chaka chotsatiracho chinali chabata. Chipinda chija anachisandutsa mosungira mipando yothyoka, iwo n'kupatsidwa desiki pafupi ndi zenera. Ankaweruka nthawi yabwino, mpaka anayamba kudzala tomato kuseri kwa nyumba. Ine ndinkati zinthu zayenda. Koma nthawi zina ndinkawapeza ataima ndi chitini chothirira m'manja, madzi akusefukira m'njira, maso ali kwina.

Foni inalira Loweruka lina m'mawa, iwo akuchapa makatani. Anali a Mandevu. Ndinaona akazi anga akupukuta dzanja pa siketi, kumvetsera, kenako n'kukhala pansi pomwepo pa simenti yonyowa.

Pa labotale ya chipatala china, mayi wina wogwira ntchito yotsuka zida anaika mabotolo a madzi a mankhwala m'makina atsopano aja. Nthawi itakwana nyali yobiriwira inayaka, loko anamasuka, iye n'kutsegula chitseko ndi kukoka thireyi. Mphepo yozizira itangokhudza mabotolowo anaphulika, onse makumi awiri kudza anayi. Madzi owira ndi magalasi zinamuthira kumaso, pakhosi ndi m'manja.

Tsiku lomwelo akazi anga anapita ku ofesi n'kupulinta mafayilo aja. Ola silinathe asanachipeze cholakwikacho, chifukwa tsopano ankadziwa pofunafuna. Lamulo la chitseko linali ndi mbali ziwiri. Yoyamba inkati loko asamasuke mpaka mphamvu ya nthunzi itatheratu. Yachiwiri inkati ngati muli zamadzi, asamasukebe mpaka madziwo atazizira, chifukwa botolo lotseka limasunga moto m'kati ngakhale nthunzi ya kunja kwake itatha. Pulogalamu ya olemba malamulo inkasunga mbali yachiwiriyo m'kabokosi kapadera pambali pa mzere. Kabokosi kameneko kanali amodzi mwa malo aja amene komiti inasiyira wogulitsa aliyense kuti aone yekha. Chosinthira chinawolotsa mzere, kabokosi n'kukasiya. Poti mzere unalipo, chinaonetsa zobiriwira. A Mandevu ndi anzawo analemba pulogalamu ya loko motsatira zimene analandira. Oyesa makina nawonso anatenga mndandanda wa zoyesa kuchokera mu fayilo yomweyo, moti za kuzizira kwa madzi palibe amene anaziyesa. Unali mzere wa nambala 2,316. Masiku awiri aja akazi anga analekera pa 600.

Kafukufuku anachitikira m'chipinda chachikulu cha pamwamba, cha tebulo lonyezimira. Anandilola kukhala pa mpando wa kukhoma. Woimira ogulitsa chosinthira anatsegula chikalata cha komiti n'kuwerenga pamene panalembedwa kuti kabokosiko si kokakamiza. Chinthu chawo, anatero, chinachita zonse zimene muyezo umafuna. Wapampando wa komiti anangotumiza kalata yonena kuti chikalatacho chinali chongoyembekezera, ndipo aliyense wochigwiritsa ntchito ankayenera kusamala yekha. Kenako ofufuza anaitana akazi anga.

"Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Fomuyi ikuti mwatsimikiza kuti mafayilo awiriwa ndi ofanana. Munaona mizere yonse?"

"Ayi. Ndinapempha milungu itatu, ndinapatsidwa masiku awiri."

"Munalemba kalata yodandaula?"

"Ndinanena pakamwa."

Ofufuzawo anatembenukira kwa bwana uja. Iye anatambasula manja. "Ndimalankhula ndi anthu ambiri patsiku. Zimenezo sindikuzikumbukira. Akanandiuza kuti pali ngozi, ndikanaimitsa zonse."

A Mandevu anali pomwepo, mipando itatu kuchokera pamene ndinakhala. Ankayang'ana zingwe za nsapato zawo. Ali ndi ana asanu, ndipo sindinawadzudzulepo, koma tsiku limenelo ndinalakalaka nditawakoka ndevuzo mpaka atalankhula.

Akazi anga anachotsedwa ntchito mwezi womwewo. Bungwe la mainjiniya linawalanda chiphaso. Anabwera kunyumba ndi katoni imodzi yokhala ndi kapu, juzi ndi chithunzi cha mwana.

Kwa milungu ingapo sankatuluka. Ankadzuka, kusamba, kuvala ngati akupita kuntchito, n'kukhala pa tebulo lodyera manja ali pamwamba pake. Mwana wathu, amene panthawiyo anali atayamba uphunzitsi kutali ndi kwathu, ankaimba foni tsiku ndi tsiku, iwo n'kumangoyankha kuti, "Tili bwino, mwanangu." Tsiku lina ndinasiya ntchito masana, ndinabwerera kunyumba n'kuwauza kuti, "Mayi, ine ndi amene ndinakukankhani. Mundikhululukire."

"Cholembera chinali m'dzanja langa, bambo," anatero. "Musandilandenso chimenecho."

Mawa lake anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala kumene anagonekedwa mayi wopsa uja. Pakhomo la wodi tinakumana ndi mkulu wake, mzimayi wamtali atanyamula beseni. Atamva kuti ndife ndani, anaika beseniyo pansi.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu? Chokani ndisanakukhuthulireni madzi awa."

Tinachoka. Patatha masiku atatu tinapitanso, n'kubwezedwanso. Ulendo wachitatu tinamva mawu kuchokera m'kati, otsika, okhala ngati akutuluka m'chitini: "Achemwali, alekeni alowe."

Anali atakulungidwa mabandeji mutu wonse, kupatula mphuno ndi pakamwa. Maso onse awiri madokotala analephera kuwapulumutsa. Akazi anga anaima kumiyendo kwa bedi.

"Ndinu munapanga makina aja?" anafunsa wodwalayo.

"Ndine amene ndinkayenera kuona cholakwikacho, ndipo sindinachione."

"Ine ndatsegula zitseko zimenezi zaka khumi ndi zisanu. Sindinatsegulepo nyali isanayake. Koma akuluakulu a kuntchito kwathu akuti ndinapupuluma, akuti mwina ndinakanikiza loko. Ana anga amva zimenezo."

"Simunapupulume. Nyali inakunamizani."

"Mungalembe zimenezo papepala?"

Akazi anga anang'amba tsamba m'kope lawo, analemba atatsamira pazenera, anasaina, n'kuwerenga mokweza. Mkulu wake uja analanda pepalalo n'kulipinda kanayi.

"Nanga enawo ali kuti?" anafunsanso wodwalayo.

"Ati?"

"Makina. Kapena munapanga anga okha?"

Akazi anga anatseka kope lawo.

"Pitani," anatero mayiyo. "Ndipo musabwerenso. Fungo la sopo wanu ndalimva, sindikufuna kudzalimvanso."

Makina a mtunduwo anagulitsidwa makumi atatu kudza asanu ndi awiri. Kampani inatumiza kalata kwa ogula yonena za kusintha pang'ono pulogalamu kuti makina azigwira bwino, osatchula za mabotolo ngakhale kamodzi. Amisiri ake anapita kwa ogula akuluakulu apafupi. Koma makina ambiri anadutsa m'manja mwa amalonda apakati, kupita ku tizipatala ndi timalabotale takutali, kumene kalata yotero imathera pansi pa kapu ya tiyi ya kalaliki. Anatiuza izi ndi a Mandevu. Anafika kwathu tsiku lina masana chipewa chili m'manja, anakana kukhala pansi, n'kusiya patebulo nyuzipepala yopinda. M'kati mwake munali mndandanda wa manambala a makina onse ndi kumene anapita.

Akazi anga anandilembera mawu papepala, ine n'kudula timapuleti ta aluminiyamu ndi kukhomapo zilembo chimodzichimodzi ndi hamala: MUKAIKA ZAMADZI, NYALI IKAYAKA MUSATSEGULE. DIKIRANI OLA LATHUNTHU. Kapuleti kalikonse ndinkakaboola pakona n'kuikapo waya womangira pa chogwirira cha chitseko.

Akazi anga anayenda zaka ziwiri akufunafuna makinawo. Ankanyamuka ndi basi yoyamba, timapuleti tikulira m'chikwama. Alonda a pageti ankawayesa ogulitsa mankhwala. Malo ena ankawadikiritsa pabenchi tsiku lonse, ati abwana ali pa msonkhano. Anaphunzira kusafunsa za abwana. Ankazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kumatulukira nthunzi, n'kulankhula ndi otsuka zida eniake. Pamalo pena bambo wina anapinda mkono wa malaya n'kuwaonetsa chipsera kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Botolo limodzi linamuphulikira miyezi isanu m'mbuyomo, iye n'kungoyesa kuti linali long'aluka kale. Pamalo pena anabwererako patatha chaka n'kupeza kapuleti kaja akupanikizira zenera kuti lisamamenyeke ndi mphepo.

Kamodzi ndinapita nawo. Kanali kachipatala kakang'ono kumapeto kwa msewu wafumbi, ndipo wotsuka zida anali mayi wachikulire wovala nsapato za labala. Anawerenga kapuletiko atakatalikitsa ndi maso.

"Ola lathunthu? Mayi, madokotala amafuna mabotolo awa naini koloko. Mundichotsetsa ntchito inu."

"Muziyamba msanga. Ndapota nanu. Mnzanu wina alibe maso lero chifukwa cha chitseko ngati ichi."

"Ngati makinawa ndi oipa, bwanji osabwera ndi galimoto kudzawatenga?"

"Ine si wa kampani."

"Nanga ndinu ndani?"

"Ndine amene ndinasaina kuti ali bwino."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anandilanda pulayazi n'kumangirira yekha wayayo, kupotokola kasanu. Madzi akumwa sanatipatse.

Kalata ya loya wa kampani inabwera, yoti asiye kuipitsa dzina la makina awo, apo ayi akaonana kukhoti. Anaiwerenga kawiri, n'kuiika m'dirowa ya masupuni. Lolemba lotsatira ananyamukanso.

Mwana wathu anabwera pa tchuthi n'kuwapeza ataonda, akakolo atatupa. "Amayi, kampani yake inakutayani ngati chigamba. Mukudzipheranji? Ababa, inu mukungoyang'ana?" Ine sindinawaletse amayi akewo. Ndinali nditawauzapo kale chochita kamodzi.

Akazi anga anafika pa makina makumi awiri kudza asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu otsalawo sanapezeke. Kwina chipatala chinatsekedwa, katundu n'kugulitsidwa. Kwina wamalonda anasamuka osasiya mawu. Kwina adiresi inawafikitsa pa nyumba yosungiramo matayala.

Anagwa pa depoti ya mabasi masana dzuwa lili paliwombo, akuchokera kofufuza amodzi mwa otsalawo. Mayi wina wogulitsa malalanje ndi amene anatola foni yawo n'kuimba nambala yoyamba imene anaiona. Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi, movutikira, ngati munthu akuzula msomali wopindika m'thabwa.

Papita zaka zinayi tsopano. Ntchito yanga ndinaisamutsira pabwalo la kunyumba kuti ndizimva akagogoda ndodo pakhoma. Ndimawotcherera m'mawa, teni koloko ndimalowa kukawatembenuza ndi kuwapaka mafuta kumsana, masana ndimawadyetsa. Mwana amafuna kuwatenga, koma nyumba imene amakhala ndi ya masitepe. Bwana uja ndinamva kuti anapita ku kampani ina yaikulu.

Chaka chatha a Mandevu anabweranso, ndevu zitayera. Iwo ndi amene analowa m'malo mwa akazi anga mu komiti ija. Ananyamula chibuku cholemera: muyezo unali utatha tsopano, wosindikizidwa, wovomerezeka. Akazi anga analoza bukulo ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kutchula nambala ya mutu umene ankaufuna. Zinawatengera nthawi, thukuta mpaka kutuluka pamphumi, koma anaitchula. Ndinatsegula n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Za kabokosi kaja panalembedwa kuti ogulitsa mapulogalamu akulimbikitsidwa kuti azikawolotsa.

"Akulimbikitsidwa," anatero a Mandevu, akuzunguza chipewa m'manja. "Ife tinkafuna palembedwe kuti ayenera. Ndinawafotokozera za mayi wopsa uja, zonse, ndi zimene ndinamva m'kakhonde zomwe. Tinavota. Tinagonja ndi mavoti awiri."

Akazi anga anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mpaka malovu anatsikira pachibwano. Ndinawapukuta. Kenako anatseka maso, ndipo mlendoyo anatsanzika tiyi asanamwe.

Mwezi watha ndinakumana ndi mzimayi wamtali uja m'sitolo ya zitsulo, akugula mahinjesi. Ndinamuzindikira, nayenso anandizindikira. Ndinalimba mtima n'kufunsa za mng'ono wake. Anati pepala lija linathandiza, akuntchito anasiya kumunena. Koma mabala a pakhosi sanapole bwino. Ankakokana n'kumamutsekera mpweya, ndipo anamuchita maopaleshoni anayi. Anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira. Ana ake akuwalera mkulu wakeyo. Anafunsa za akazi anga, ndinamuuza. Anagwedeza mutu, ananyamula mahinjesi ake n'kutuluka.

Mayi a kunyumba sindinawauze. Dokotala anati tisamawadzidzimutse, ndipo ine ndabisala kumbuyo kwa mawu amenewo. Mawa ndi tsiku lawo lokawongola miyendo kuchipatala. Tayala lakumanzere la njinga yawo ya olumala likukhula pachitsulo, ndiyenera kuliwongola lero dzuwa lisanalowe.